Mame Amene Sadakamuke: Anthu a ku Turkey m'Dziko la Denmark

Mwa anthu pafupifupi 6 miliyoni amene akukhala m'dziko la Denmark, kumpoto kwa Ulaya, oposa 60,000 ndi ochokera ku Turkey kapena ana a anthu ochokera kumeneko. Ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Pafupifupi theka la chiwerengero chimenechi ndi anthu obadwira m'Denmark momwemo, amene adaphunzira m'sukulu za m'dzikomo, amayankhula Chidanishi tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri ali kale ndi mabanja awoawo. Ngakhale zili choncho, patapita zaka zoposa 50 chifikire makolo awo, m'mabuku a boma ndi m'Nyumba ya Malamulo anthuwa akutchulidwabe kuti obwera kapena ana a obwera. Nkhani yawo ikudzutsa funso lovuta kuposa momwe limamvekera: kodi mlendo amaleka liti kukhala mlendo, nanga ndani ali ndi mphamvu yogamula zimenezi?

Gwero la zonse ndi ntchito. M'zaka za m'ma 1960 chuma cha Denmark chidakula mofulumira kotero kuti mafakitale adayamba kusowa manja. Kuyambira cha m'ma 1967 amuna ochokera ku Turkey, Yugoslavia, Pakistan ndi Morocco adayamba kufika. Ochokera ku Turkey ambiri sadali a m'mizinda ikuluikulu ngati Istanbul ayi, koma alimi ndi oweta nkhosa a m'midzi ya pakati pa dzikolo, makamaka m'chigawo cha Konya. Makatekisiti akuudziwa mzinda wa Konya ndi dzina lake lakale, pakuti ndiwo Ikonio uja wa m'buku la Ntchito za Atumwi, kumene Paulo ndi Barnabasi adalalika. Wina akapeza ntchito ankaitana mchimwene wake, mlamu wake ndi mnzake wa m'mudzi, mpaka midzi ina ya m'boma la Cihanbeyli idachita kuchepa amuna. Ambiri a kumeneko ndi Akurdi, mtundu umene uli ndi chiyankhulo chakechake, ndipo ichi nchofunika kuchisunga m'mutu, chifukwa anthu amene Adanishi amangowaphatikiza kuti "a ku Turkey" si a mtundu umodzi, ndipo pa ndale sagwirizana.

Eni dziko adawapatsa dzina lakuti gæstearbejdere, ndiye kuti antchito amene angobwera kudzacheza. Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mbali zonse ziwiri zidakhulupirira zomwezo. Boma linkayembekeza kuti ntchito ikatha anthuwo adzalongedza. Amunawo nawo ankati akangopeza ndalama ya thirakitala, ya munda ndi ya nyumba, ulendo wa kumudzi. Nchifukwa chake ankagona angapo m'chipinda chimodzi, nkumagwira ntchito zimene eni dziko ankazinyansidwa: zosungunula zitsulo, zokolopa, za usiku. Ndi ochepa amene adaganiza zowaphunzitsa chiyankhulo, ndipo iwonso sadaone chifukwa chochiphunzirira. Wowerenga amene agogo ake adapita ku Wenela kapena ku Theba akuudziwa mtima umenewu, ndipo akudziwanso momwe liwu lakuti mtchona lidabadwira.

Mu Novembala 1973, mtengo wa mafuta utakwera padziko lonse ndipo ntchito zitayamba kuchepa, boma la Denmark lidatseka khomo kwa antchito atsopano ochokera kumaiko ngati Turkey. Cholinga chidali kuchepetsa alendo, koma zinthu zidatembenuka. Munthu amene kale ankatha kupita kumudzi nkubweranso adaona kuti akangochoka, chitseko chitsekeka kumbuyo kwake. Adasankha kukhala, ndipo popeza lamulo linkamulola kuitana mkazi wake ndi ana, mabanja adayamba kufika. Chiwerengero cha ochokera ku Turkey chidakula kwambiri khomo litatsekedwa kusiyana ndi pamene lidali lotsekula.

Zaka za m'ma 1980 zidali zowawa. Ntchito zamanja m'mafakitale zidapita zichepa, ndipo amuna osadziwa bwino Chidanishi, amene ambiri adalekezera sukulu kupulaimale, ndiwo adali oyamba kuchotsedwa. Mabanja adaunjikana m'nyumba za lendi zotsika mtengo ku Ishøj ndi Brøndby pafupi ndi Copenhagen, ku Vollsmose mumzinda wa Odense ndiponso ku Gellerup mumzinda wa Aarhus. Ena adadalira chithandizo cha boma, ena adatsekula timagolosale ndi malo ogulitsira pizza, ena adayamba kuyendetsa matakisi. Lamulo loyamba lofotokoza mwadongosolo momwe obwera angalowere m'moyo wa dzikolo lidayamba kugwira ntchito mu 1999, anthu atatha kale zaka 30 ali m'dzikomo. Kuchedwa kumeneku sitingakusenzetse mlimi wa ku Konya.

Koma pamene moto udakolera zenizeni ndi pa nkhani ya ukwati. Kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, achinyamata ambiri a m'mabanja amenewa ankakatenga mkazi kapena mwamuna kumudzi kwa makolo awo, kawirikawiri pa tchuthi chachitali cha pakati pa chaka, ndipo nthawi zina ankakwatirana pachisuweni. Kwa makolo chimenechi chidali chinthu chanzeru. Mpongozi wodziwika kwawo sabweretsa manyazi pakhomo, komanso ukwati ndiwo udali njira yokhayo yotsala yothandizira m'bale kulowa ku Ulaya. Adanishi ambiri ankaona mwina. Ankati banja lililonse latsopano likuyambiranso pachiyambi, kholo limodzi losadziwa chiyankhulo, ana nkumafika kusukulu ali m'mbuyo. Ankanenanso za atsikana okakamizidwa kukwatiwa ndi munthu amene sadamusankhe. Zimenezi zidachitikadi m'mabanja ena, ndipo Mkatolika sangazichepetse, pakuti Mpingo umaphunzitsa kuti chimene chimamanga ukwati ndi kuvomera mwaufulu kwa awiriwo. Pamene pali kukakamiza, ukwati palibe.

Mu Novembala 2001 Anders Fogh Rasmussen adapambana chisankho, ndipo adalamulira mothandizidwa ndi chipani cha Dansk Folkeparti cha mayi Pia Kjærsgaard, chimene chidatchuka ndi mfundo zotsutsa obwera. Mu 2002 boma lake lidakhazikitsa lamulo limene limadziwika kuti la zaka 24. Munthu wofuna kubweretsa mkazi kapena mwamuna wake kuchokera kunja kwa maiko a mgwirizano wa European Union ayenera kudikira kufikira onse awiri atakwanitsa zaka 24. Pamwamba pa apo ankayenera kukhala ndi nyumba yokwanira, kupereka chikole cha ndalama za dzikolo zokwana makrone 50,000, ndi kuonetsa kuti mizu ya banjalo ndi yozama kwambiri ku Denmark kusiyana ndi kudziko lina lililonse. Chaka chomwecho boma lidaleka kulipirira maphunziro a chiyankhulo cha makolo kwa ana ochokera kumaiko a kunja kwa Ulaya.

Tinene chilungamo, lamuloli lidabala zipatso zina zimene ngakhale olitsutsa amazivomereza. Msinkhu wolowera m'banja udakwera, maukwati okatenga kumudzi adachepa kwambiri, ndipo atsikana ambiri adapitiriza sukulu. Lero zidzukulu za abusa a nkhosa aja ndi anamwino, aphunzitsi, madokotala ndi maloya. Mtsikana amene sakadatha kuwakanira bambo ake maso ndi maso adapeza pobisalira: ankangoti lamulo silikulola. Komabe khoka limeneli lidakokolola nsomba ndi achule omwe. Lidagwera amene adakakamizidwa ndi amene adakondana okha, mwana wa Mkurdi ndi mwana wa Mdanishi amene adapeza mbeta ali kunja. Mabanja ambiri adathawira ku Malmö m'dziko la Sweden, kumene malamulo adali ofewerapo, nkumawoloka mlatho wa Øresund, umene udatsekulidwa mu 2000, m'mawa uliwonse kupita kuntchito ku Copenhagen. Munthu wa zaka 18 ku Denmark amavota, amalowa usilikali, ndipo angathe kukwatira mnzake wa m'dzikomo popanda womufunsa. Koma ngati mtima wake wagwera ku Konya, dziko limamuuza kuti akadali mwana kwa zaka zina zisanu ndi chimodzi. Chikalata cha Ufulu wa Banja chimene Likulu la Mpingo ku Roma lidatulutsa mu 1983 chimanena momveka kuti wogwira ntchito kudziko la eni ali ndi ufulu wokhala pamodzi ndi banja lake mosachedwa. Boma lili ndi udindo woteteza mtsikana wokakamizidwa, koma njira yake ndi kulanga wokakamizayo, osati kulekanitsa mabanja onse.

Pano pali chinthu chimene boma la Denmark lidachinyalanyaza. Mu 1963 dziko la Turkey lidasainirana pangano ku Ankara ndi mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, ndipo mu 1980 mbali ziwirizi zidagwirizana kuti maiko a mumgwirizanowo asamaike zopinga zatsopano, popanda chifukwa chokwanira, kwa antchito a ku Turkey okhala movomerezeka pamodzi ndi mabanja awo. Potsamira pa pangano limeneli, mabanja ena adakasuma, ndipo bwalo lamilandu la mgwirizanowo ku Luxembourg lidapeza Denmark yolakwa katatu: mu 2016 pa nkhani yobweretsa ana, mu 2019 pa muyeso uja wa mizu ya banja, ndi mu 2022 pa lamulo lakuti wantchito ayambe wakhoza mayeso a Chidanishi asadaitane mkazi kapena mwamuna wake. Muyeso wa mizu udali utachotsedwa kale mu 2018 ndi kulowedwa m'malo ndi zofunika zina, koma malire a zaka 24 akadalipo.

Tibwerere ku funso lathu. Ku Denmark kubadwira m'dzikomo sikupatsa munthu unzika. Wofuna unzika amalemba mayeso a chiyankhulo ndi a mbiri ya dziko, amaonetsa kuti wakhala akudzidalira, ndipo dzina lake limayenera kulembedwa mubilu imene aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Folketing amavomereza. Kuyambira mu 2019 ayeneranso kugwirana chanza ndi mkulu wa khonsolo pamwambo wolandira unzikawo, lamulo limene aliyense ankadziwa kuti likuloza Asilamu ena amene sapereka moni wa m'manja kwa munthu wosiyana naye chibadwidwe. Kufikira mu 2015 wolandira unzika wa Denmark ankayenera kutaya wa kwawo, ndipo ambiri a m'badwo woyamba adakana. Zotsatira zake nzakuti alipo anthu obadwira ndi kukulira ku Ishøj, okhoma msonkho, amene sangavote pa chisankho cha aphungu. Ofesi yowerengera anthu imamulemba munthu wotere kuti efterkommer, mbadwa ya obwera, ndipo imagawa obwera onse pawiri: a kuzambwe ndi osakhala a kuzambwe. Mwana wa Mjeremani kapena wa Mmereka ali m'gulu loyamba. Mwana wa munthu wa ku Turkey ali m'gulu lachiwiri, ngakhale dzikolo lakhala limodzi ndi Denmark m'bungwe lankhondo la NATO kuyambira mu 1952. Mu 2020 boma lidawonjezera gulu lina lakuti MENAPT, ndipo chilembo chomaliza chija chikuimira Turkey.

Kuwerenga anthu pakokha si tchimo. Vuto limayamba pamene chiwerengero chasanduka lamulo. Kuyambira mu 2010 boma linkatulutsa chaka ndi chaka mndandanda wa madera amene linkawatcha ghetto, ndipo mu 2018 boma la Lars Løkke Rasmussen lidakhwimitsa zinthu ndi cholinga chakuti pofika 2030 madera oterewa adzakhale atatha. M'madera osauka amene ali pamndandanda, mwana akangokwanitsa chaka chimodzi ayenera kupita kumkombaphala maola 25 pasabata kuti akaphunzire chiyankhulo ndi miyambo ya dzikolo, apo ayi makolo amadulidwa ndalama ya ana. Dera limene lakhalitsa pamndandanda limalamulidwa kuchepetsa nyumba za mabanja za lendi kufika pa 40 mwa 100 zilizonse, pogwetsa zina kapena kuzigulitsa. Tsono taonani pamene pagona nkhani. Madera awiri angathe kukhala ndi ulova wofanana, umbanda wofanana ndi umphawi wofanana, koma limene nyumba zake zigwetsedwe ndi lokhalo limene anthu oposa theka ndi osakhala a kuzambwe. Anthu a ku Mjølnerparken mumzinda wa Copenhagen adakasumira boma mu 2020, ndipo mlandu wawo udakafika mpaka ku Luxembourg. Mu 2021 liwu lakuti ghetto lidachotsedwa m'malamulo, koma muyeso wa chiyambi cha munthu udatsala.

Sitikunena kuti mavuto kulibe. Ziwerengero za boma zimasonyeza kuti anyamata a m'mabanja amenewa amapezeka ndi milandu kawirikawiri kusiyana ndi anzawo, ndiponso kuti amayi ambiri a m'badwo woyamba sadalowepo ntchito yolembedwa. Dziko laling'ono limene limasamalira odwala, okalamba ndi ophunzira ndi ndalama za misonkho lili ndi chifukwa chodera nkhawa. Koma boma likauza mnyamata wobadwira ku Vollsmose kuti kupezeka kwake kokha kukuchititsa kuti nyumba ya amayi ake igwetsedwe, lisadabwe mnyamatayo akayamba kuyang'ana kwina.

Ndipo kwinako kulidi amene akumukodola. Boma la Turkey silidawataye anthu ake. Mizikiti yambiri ya anthuwa ili pansi pa bungwe logwirizana ndi Diyanet, nthambi ya boma la Turkey yoona zachipembedzo, imene imatumiza ndi kulipira atsogoleri a mapemphero. Kuyambira mu 2014 nzika za Turkey zokhala kunja zimavota pa zisankho za kwawo. Mikangano yonse ya pakati pa Ankara ndi Copenhagen imagwera pamutu pawo: zithunzi 12 zonyoza Muhammad zimene nyuzipepala ya Jyllands-Posten idasindikiza mu Sepitembala 2005, wailesi ya kanema ya Akurdi ya Roj TV, imene Turkey idaitchula poyesa kutsekereza Fogh Rasmussen kukhala mlembi wamkulu wa NATO mu 2009, ndipo bwalo la ku Copenhagen lidaipeza yolakwa mu 2012, kuwotchedwa kwa Korani pafupi ndi ofesi ya kazembe wa Turkey mu Januwale 2023, kumene kudathandizira kuti Denmark iletse mchitidwewu mu Disembala chaka chomwecho. Asilikali ena atalephera kulanda boma la Recep Tayyip Erdoğan mu Julayi 2016, makolo ambiri ku Denmark adachotsa ana awo m'sukulu zimene zinkaganiziridwa kuti nzogwirizana ndi Fethullah Gülen, poopa kutchedwa adani a dziko. Chaka chomwecho Emre Mor, katswiri wa mpira wobadwira ku Copenhagen amene adasewerapo m'matimu a achinyamata a Denmark, adasankha kuvala malaya a Turkey, ndipo anthu adakangana ngati kuti mnyamatayo waba chinachake.

Ena adasankha njira yovuta. Özlem Cekic, Mkurdi wobadwira ku Ankara, adasankhidwa kukhala phungu mu 2007, chaka chimodzimodzi ndi Yildiz Akdogan. Makalata achipongwe atamuchulukira, adayamba kuwayendera kunyumba kwawo anthu omulembera zotukwanawo, kukamwa nawo khofi ndi kukambirana. Sadawatembenuze onse, koma zimene adachita mayi wa Chisilamuyu zikutichititsa manyazi ambiri a ife amene timalalika za kukonda adani.

Nanga nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife Akatolika? Ku Denmark anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse ali mumpingo wa Lutheran umene boma limauchirikiza. Akatolika olembedwa m'kaundula alipo pafupifupi 50,000, kucheperapo kwa anthu a ku Turkey amene tikukambawa, ndipo ali mudayosizi imodzi yokha ya Copenhagen, imene imafika mpaka ku Greenland. Kuyambira mu 1536 Chikatolika chidali choletsedwa m'dzikomo, kufikira malamulo aakulu a 1849 atapereka ufulu wachipembedzo. Lero mabenchi a m'matchalitchi athu kumeneko ndi odzaza ndi anthu ochokera ku Poland, Vietnam, Philippines, Sri Lanka ndi Iraq. Kumayambiriro kwa 2021, boma la mayi Mette Frederiksen litakonza zakuti ulaliki uliwonse wa m'chiyankhulo chachilendo uzimasuliridwa m'Chidanishi pofuna kuyang'anira mizikiti, aepiskopi a Katolika adali m'gulu la odandaula, chifukwa lamulolo likadagwera wansembe aliyense wochita Misa m'Chipolishi kapena m'Chivietinamu. Ganizolo lidasiyidwa pambuyo pake. Msampha wotchera mnansi udatsala pang'ono kugwira mwendo wathu.

Chiphunzitso cha Mpingo pa nkhani imeneyi sichikondera mbali. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2241, amapereka udindo kwa onse: maiko olemera alandire mlendo wofuna moyo monga momwe angathere, boma lingathe kuika malire poteteza ubwino wa onse, ndipo wobwerayo alemekeze malamulo ndi chikhalidwe cha dziko lomulandira, nasenze nawo katundu wa dzikolo. Choncho Denmark silakwa pofuna kuti anthu aphunzire Chidanishi ndi kugwira ntchito, ndipo kholo la ku Gellerup limene limaletsa mwana wake wamkazi kusankha yekha banja silingabisale kumbuyo kwa mwambo. Koma ndime imeneyi ikunena za munthu wobwera. Mwana wobadwira ku Odense sadabwere kuchokera kwina kulikonse, ndipo kumuyeza ndi muyeso wa mlendo ndiko kumuitanitsa ngongole ya ulendo umene sadayende.

Amuna amene adafika mu 1969 ali ndi zaka 25 lero adutsa zaka 80, ndipo ambiri adatsogola kale. Ochuluka a iwo adabwereradi kumudzi monga adalonjezera, koma m'bokosi. Mabanja amasonkha chaka ndi chaka kuthumba la maliro limene bungwe la mizikiti lija limayendetsa, monga momwe abale athu a ku Joni amasonkherana, kuti mwini wake akamwalira thupi likwere ndege kukagona pafupi ndi makolo ku Konya. Manda oyamba a Asilamu okhaokha ku Denmark adatsekulidwa ku Brøndby mu 2006, patatha zaka pafupifupi 40 chifikire antchito oyamba aja. Tsopano ana ndi zidzukulu ndiwo ayenera kusankha pakati pa manda a ku Cihanbeyli, amene angakawaone kamodzi pachaka, ndi manda a ku Brøndby, amene ali pamtunda wa mphindi zochepa kuchokera kunyumba zawo.